Nsomba ya M'madzi Ozizira: Ulendo wa ku Mulunguzi

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za ulendo umene tinayenda pa phiri la Zomba, ndi za nsomba ina yachilendo imene tinakaiona kumeneko. Nonse mumadziwa chambo ndi usipa za ku nyanja yaikulu. Mumadziwanso matemba, makumba ndi milamba za ku Chilwa, pakuti ndizo ndiwo zathu za masiku onse. Koma ilipo nsomba ina m'dziko lathu lino imene simudzaipeza pa msika wa kumudzi, ndipo sikhala m'nyanja kapena m'dambo ayi. Iyo imakhala pamwamba pa mapiri pokha, m'mitsinje ya miyala ndi mathithi, m'madzi ozizira oti munthu akaviikamo dzanja limachita dzanzi. Azungu amaitcha trout. Ndipo popeza m'nthiti mwake muli mzere wofiirira, m'chinenero chawo amaipatsanso dzina la utawaleza. Makolo athu sanaitche dzina, pakuti sanaidziwe.

Tinanyamuka m'tauni ya Zomba mbandakucha, mwezi wa Okutobala, zaka zingapo zapitazo. Tinalipo anthu atatu, ndipo mmodzi wa ife anali msodzi wa ku Chilwa, munthu wokulira m'bwato, amene anatiuza poyera kuti palibe nsomba pansi pano imene ingamkanike. Sitinadzere msewu wa galimoto. Tinakwera njira ya miyendo yotchedwa njira ya mbatata, dzina limene inalandira chifukwa cha anthu osenza mbatata ya kachewere potsika nayo kumsika. Njirayo ndi chitunda chokhachokha, ndipo munthu amakwera maondo akugunda pachifuwa. Dzuwa lisanakwere tinayamba kukomana ndi amayi ndi atsikana alikutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, thukuta lili chuchuchu. Tinawapatukira ndi kuwapatsa moni, osadziwa kuti mitolo imeneyo tidzaikumbukiranso tsiku lomwelo.

Tauni ya Zomba ili pa mtunda wa mamita oposa 900 kuchokera pa nyanja yamchere, koma nsonga yaitali ya phirilo, yotchedwa Malumbe, imapitirira mamita 2,000. Ophunzira anapeza kuti munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Ife tinazimva ndi thupi lathu: kumunsi tinasiya anthu alikudandaula ndi kutentha kwa chilimwe, koma titafika Ku Chawe, pamphepete pa phiri, tinavala majekete. Pocheuka tinaona tauni ili pansi pa mapazi athu, chigwa chili tambalale, ndi phiri la Mulanje kutali m'utsi ngati mtambo.

Pamenepo anatichingamira mkulu amene analonjeza kutitsogolera, bambo wa imvi, wowonda, wolankhula motsitsa mawu. Paunyamata wake ankanyamulira katundu asodzi a trout, ndipo anaphunzira luso lawo poonerera, kufikira anawaposa ena a iwo. M'dzanja anali ndi ndodo yowedzera yakale, m'thumba kachikalata ka chilolezo chowedza, ndi kabokosi kakang'ono kamene sanalole munthu kukakhudza.

Mmene inafikira kuno

Kwawo kwenikweni kwa nsomba imeneyi ndi kutali, ku mitsinje yozizira ya kumadzulo kwa North America imene imathira m'nyanja ya Pacific. Kuchokera kumeneko anthu anaifalitsa ku maiko ambiri, ndipo kuno kwathu inafika m'chaka cha 1906. Pa nthawiyo Zomba ndilo linali likulu la Boma, monga linakhalira mpaka 1975, ndipo Azungu a m'maofesi analikulakalaka masewera a kwawo. Tinene mosabisa: sanaibweretse kuti ikhale ndiwo ya anthu a m'midzi, anaibweretsa kuti azisangalala poiwedza tsiku lopuma, ndipo ntchito ya anthu akuda inali yonyamula katundu ndi kulambula njira.

Kodi nsomba ingayende bwanji ulendo wa masabata ambiri osafa? Chinsinsi chake chili m'mazira. Mazira a trout akafika msinkhu woti timaso ta kansomba tayamba kuonekera m'kati, amapirira ulendo ngati asungidwa monyowa ndi mozizira. Tsono ankawayala m'mabokosi pakati pa ndere zonyowa, naika madzi oundana pamwamba, pakuti kuzizira kumachedwetsa kuswa. Ndimo mmene nsombayi inkaolokera nyanja zamchere masiku amenewo. Kumbukiraninso kuti njanji inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Isanafike, katundu wochokera kunja ankalowera ku Chinde, nakwera Zambezi ndi Shire pa sitima zapamadzi, ndi kutsiriza ulendo pamitu ya amtengatenga. Pambuyo pake nsombayi inaikidwanso m'mitsinje ya pa Mulanje ndi pa Nyika, ndipo pa Zomba anakumba maiwe oswetsera mazira ndi kulereramo tiana tisanathiridwe mumtsinje.

Mtsinje wa miyala

Mulunguzi amayambira m'dambo la pamwamba pa phiri, natsika pakati pa mitengo, nadumpha mathithi a Williams ndi a Mandala, nalowa m'damu lalikulu limene linamangidwa cha m'ma 2000, kumene amachokera madzi a m'mipopi ya mu Zomba. Akatuluka m'damumo amagwa m'phompho, napyola m'tauni, nathira mu Likangala, ndipo Likangala amapereka madziwo ku Chilwa. Ife tinayambira pamwamba pa damu, ndi kukwera motsata mtsinje.

Inu amene munazolowera mitsinje ya m'chigwa, yoyenda mwaulesi pakati pa bango ndi mchenga, simungauzindikire msanga mtsinje wotere. Madzi ake sayenda mowongoka ngakhale mikono 20. Apa alikuphulika pakati pa matanthwe awiri, thovu lili mbuu. Apo apumula m'kadziwe kakuda. Patsogolo pang'ono alikuthamanga pa nsangalabwi, oyera kotero kuti munthu angathe kuwerenga miyala ya pansi. M'mbali mwake muli mitengo yachilengedwe yaitali imene nthambi zake zimakomana pamwamba, kotero kuti masana eni eni pansi pali mthunzi ndi kafungo ka masamba ovunda. Phokoso la madzi silileka. Munthu akafuna kulankhula ndi mnzake ayenera kumsendera kukhutu. Tinaona anchima alikudumpha m'nthambi, ndipo pa mwala wina panali zikhokhombe za nkhanu zimene katumbu anasiya atadya usiku.

Mkuluyo anatiimika kutali ndi madzi. Anati, "Ana anga, kuyambira pano muyende chowerama, ndipo musaponde mwamphamvu. Nsomba iyi ili ndi maso, ndiponso imamva mgugu wa phazi. Masiku onse imayang'ana kumene madzi achokera, kudikira chakudya. Chifukwa chake ife tiidzera kumbuyo, tizikwera osati kutsika. Mthunzi wanu ukagwera pa dziwe, dziwe limenelo latha, tipite pena."

Mnzathu wa ku Chilwa anatulutsa chitini cha nyongolotsi chimene anabisa m'thumba. Mkulu anapukusa mutu nati, "Achimwene, chitinicho mubwezere momwe chinali. Kuno nyongolotsi ndi mlandu. Nyongolotsi nsomba imameza mpaka m'mimba, ndipo ngakhale kali kamwana kamafa. Nyambo yathu imakola pamlomo pokha; kakakhala kakang'ono timakakolola ndi kukabwezera m'madzi kuti kakule."

Pamenepo anatsegula kabokosi kaja. Munali timbedza tating'ono, tina tosaposa njere ya mpunga, tokulungidwa ndi ulusi ndi tinthenga ta nkhuku ndi ta nkhanga, mwaluso kotero kuti tinkaoneka ngati tizilombo touluka teniteni. Pakuti chakudya cha trout ndicho tizilombo: timphutsi tokhala pansi pa miyala, ana a tombolombo, ziwala ndi nyerere zogwa kuchokera m'masamba. Mkuluyo anafukula mwala umodzi mumtsinje, natisonyeza tizilombo tambiri tomatirira pansi pake, ndipo anasankha mbedza yofanana nato maonekedwe.

Nyambo yotere ilibe kulemera, ndipo singaponyedwe monga timaponyera mbedza ya nyongolotsi. Cholemera ndi chingwe. Msodzi amagwedeza ndodo kumbuyo ndi kutsogolo, chingwe chilikutambasuka m'mwamba, kenako amachileka kuti chigone pamadzi. Kunsonga kwake kuli kachingwe kena kopyapyala ngati tsitsi, kosaoneka m'madzi, ndipo kanyambo kamatera mofatsa ngati kachilombo kotopa. Kakatera, kayenera kuyenda ndi madzi monga kayendera tsamba louma. Kakangokokeka pang'ono chopingasa, nsomba imadziwa kuti pali chinyengo, ndipo siyandikiranso.

M'dzanja la mkuluyo zonsezi zinkaoneka zapafupi. Mnzathu wa ku Chilwa atalandira ndodo, poyamba anawedza nthambi ya mtengo, kachiwiri anawedza chipewa chake chomwe. Ife tinaseka kwambiri; koma kuseka kwathu sikunakhalitse, pakuti pofuna kusonyeza kuti tingapambane, tinaponda pa mwala wa ndere, ndipo tisanadziwe chimene chachitika tinali m'madzi mpaka m'chiuno. Abale, madzi amenewo amaluma ngati singano. Tinatuluka mano alikugundana, bondo litanyuka, ndipo mkulu anangoti, "Pepani, aphunzitsi. Tsopano mwaudziwa mtsinje. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Dziwe limene linakwiririka

Dzuwa lili paliwombo tinali tisanaone nsomba ndi imodzi yomwe. Mkulu anatilimbitsa mtima, nati kutsogolo kuli dziwe limene analidziwa kuyambira unyamata wake, lakuya lomiza munthu wamtali, limene silinkamnamiza. Koma titayandikira, mthunzi unatha mwadzidzidzi, ndipo tinatulukira poyera. Chitunda cha tsidya lina chinali zitsa zokhazokha, ndipo moto unali utapitapo, nthaka ili bii. Pansi pake dziwe lija linalipo, koma lodzala mchenga ndi matope ofiira, madzi olekeza m'maondo, dzuwa lilikuwomba mpaka pansi. Tinaviikamo dzanja: sanalinso madzi aja anatiluma m'mawa.

Mkuluyo anakhala pa mwala, nakhala chete nthawi yaitali. Kenako anatifotokozera zimene anaziona ndi maso pa moyo wake, ndipo zimagwirizana ndi zimene ophunzira za nsomba amaphunzitsa. Nsomba imapuma mpweya wosungunuka m'madzi, ndipo madzi ozizira ndi othamanga amasunga mpweya wambiri kuposa ofunda ndi odikha. Mlamba umapirira m'matope otentha pakuti uli ndi njira yopumira mpweya wa kunja, trout ilibe. Thupi la munthu limatentha madigiri 37. Trout imakondwa m'madzi a madigiri 10 mpaka 16, ndipo akafika cha m'ma 25 imafa. Tsono mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikadulidwa, dzuwa limafunditsa madzi, ndipo nsomba imathawa kapena kufa.

Choopsa chachiwiri ndi dothi. Miyezi yozizira nsomba yaikazi imafukula kadzenje m'timiyala ndi mchira wake, niikiramo mazira, ndi kuwafotsera ndi timiyala tomweto. Mazirawo amakhala pamenepo mwezi umodzi kapena kuposerapo, ndipo amapuma ndi madzi odutsa m'mipata ya timiyalato. Chitunda chikapsa ndi kukhala chambee, mvula yoyamba imakokolola dothi, dothilo limatseka mipata ija, ndipo mazira amafa asanaswe, pamodzi ndi tizilombo tija ta pansi pa miyala. Mkulu anati, "Mapaini anabzalidwa kuti akakula achekedwe matabwa, ndipo akadulidwa mwadongosolo nabzalidwa ena, palibe mlandu. Koma mitengo ya m'mphepete mwa madzi ndi dambo la kugwero si zokhudza ayi. Ndipo mdani woposa nkhwangwa ndi moto."

Tinakumbukira amayi aja a mitolo ya nkhuni. Sitiwaweruza, tidziwa kuti kunyumba kwawo kuli ana ofuna phala, ndipo anthu ogula nkhuni ndi makala m'tauni ndi ife tomwe. Komabe choona sichisintha chifukwa cha umphawi wathu: phiri likavulidwa, madzi a osauka ndi a olemera amaonongeka pamodzi.

Nsomba imodzi

Tinapitirira kukwera, ndipo cha kufupi ndi mathithi a Williams tinalowanso mumthunzi. Dzuwa litapendeka, tizilombo tinayamba kuuluka pamwamba pa madzi. Mkulu anatikodola kuti tigwade kuseri kwa thanthwe, naloza ndi mlomo. Kumutu kwa dziwe, pamene madzi othamanga amakomana ndi odikha, tinaona kabwalo kakang'ono kalikutambasuka pamadzi, ngati pagwa dontho la mvula. Patapita kanthawi kanaonekanso pomwepo.

Anaponya kamodzi, kanyambo kanadutsa, osakhudzidwa. Anadikira, nasintha mbedza, naponyanso. Kanyambo kanayenda mkono umodzi, ndipo kanangoti zii. Ndodo inapindika ngati uta, chingwe chinalira, ndipo nsomba inadumpha m'mwamba, kunyezimira, nigweranso m'madzi. Mkulu sanaikoke ndi mphamvu, pakuti kachingwe kopyapyala kaja kakadaduka. Ikathawa ankailekerera, ikatopa ankaikoka pang'ono, naipatutsa ku mizu ndi ku miyala kumene inkafuna kukadzikola. Mnzathu wa ku Chilwa, amene tsiku lonse analikunyoza usodzi wa nthenga, analikunjenjemera ndi kunong'ona kuti, "Agogo, chonde isapulumuke!"

Potsiriza inagona chammbali m'madzi osaya, ndipo tinaiona bwino. Utali wake unali ngati kuchokera pachigongono kufika pa mfundo ya dzanja. Msana wobiriwira moderapo, wa mawanga akuda kufikira kumchira, mamba ang'onoang'ono, mimba yoyera, ndi mzere uja wofiirira kuchokera kumutu. M'kamwa muli mano akuthwa, pakuti ndi nsomba yolusa, yodya ana a achule ndi tinsomba tina. Ndipo ku maiko ena kumene anaiika, monga ku South Africa, inachepetsa nsomba za eni dziko m'mitsinje ina. Pambuyo pake mnzathu wa ku Chilwa anakola kena kakang'ono, koyamba ndi kotsiriza pa moyo wake. Mkulu anamuuza anyowetse manja asanakagwire, ndipo iye mwini anakabwezera m'madzi, ngakhale nkhope yake inaonetsa kuti mtima ulikuwawa.

Yaikuluyo tinaiotcha madzulo, titatsika, ndipo tinagawana anthu anayi. Mnofu wake ndi wofewa, wosanunkha matope. Tinafunsa msodzi wathu maganizo ake, ndipo atatafuna mofatsa anati, "Njokoma ndithu; koma tsiku lonse, anthu anayi, nsomba imodzi! Kwathu mkazi angakuthamangitse." Ndipo ananena zoona.

Chimene tinatsika nacho

Tsono wina angafunse kuti: nanga nsomba ya alendo, yosakhutitsa banja, itikhudza bwanji ife a m'midzi? Yankho lake ndi ili. Nsomba imeneyi ndi mboni ya madzi. Pamene ilipo ndi kuswana, dziwani kuti madziwo ndi ozizira, oyera, osaphwa chilimwe, ndipo nthaka ya kumtunda ili m'malo mwake. Pamene yasowa, mtsinje wayamba kudwala, ngakhale maso athu asanaone. Mkulu uja anatiuza kuti paunyamata wake munthu waluso sankabwerera chimanjamanja. Ife tinayenda tsiku lathunthu kupeza ziwiri. Madzi amene akanika nsombayo ndi omwewo amene ana a mu Zomba amamwa, amene amathirira madimba ndi mpunga wa m'mbali mwa Likangala, ndi amene amasunga matemba a ku Chilwa.

Phiri ili linatichenjezapo kale. M'mwezi wa Disembala 1946 kunagwa mvula yoopsa, mbali zina za phiri zinagumuka, madzi ndi miyala zinatsika ndi kukokolola milatho ndi nyumba, ndipo anthu anafa. Akuluakulu amati anadutsa Napolo. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy anachita zoterezi, ndi zoposa, m'maboma a kumwera. Nayo nyanja ya Chilwa inaphwa m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, ndipo m'chaka cha 2018 inatsala pang'ono kutheratu. Mvula yoopsa ndi chilala sitingaziletse. Koma chitunda cha mitengo ndi udzu chimamwa madzi ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono, pamene chitunda chopsa chimawataya tsiku limodzi, nichititsa chigumula dzinja ndi ludzu chilimwe.

Ambiri a inu simudzagwira ndodo ya nthenga, ndipo palibe kanthu. Koma mudzi uli wonse uli ndi mtsinje wake, kapena kasupe, kapena dambo, ndipo uli wonse uli ndi mboni zake: nkhanu, achule, timatemba. Funsani agogo anu kuti mumtsinje wanu munali chiyani iwo ali ana, ndi mwezi umene madzi ankalekeza. Ndipo yerekezani ndi lero. Polima musafike ndi khasu pagombe penipeni. Siyani mpata wa udzu, bango ndi mitengo. Pa kasupe bzalani mikuyu, mikundi ndi minyowe, mitengo yathu yokonda madzi. Anyamata osaka mbewa muwaletse kutentha tchire, pakuti mbewa zodzala mphika umodzi sizingalipe chitunda chathunthu. Ndipo katupe asathiridwe m'dziwe, chifukwa amapha nsomba yaikulu ndi kamwana komwe.

Amene angafune kukaona Mulunguzi, apite ndi munthu wodziwa njira, atenge chofunda ngakhale kumunsi kukutentha, asayatse moto m'nkhalango, ndipo asaponye mbedza asanafunse a zankhalango za malamulo ake. Akafika pa dziwe la mumthunzi agwade, akhale chete, ayang'ane pamadzi. Akaona kabwalo kaja kalikutambasuka, akondwere, pakuti mtsinje ukali moyo.

Posiyana, mkulu uja anatigwira chanza nati, "Mukawauze a kumunsi. Mtsinje wa Tinkanena unakathira mu Siizi." Ife tawauza.